Malata a Papepala

Chaka chachiwiri cha Chitaganya, Chilwa akadali nyanja yeniyeni, osati thope ili alendo amabwera kudzajambula masiku ano, nyumba yabwino koposa m'mudzi wina wa kumtunda kwa Kachulu inali ya Fanuelo. Njerwa anaumba yekha, n'kuziotcha yekha. Inali ya zipinda zitatu, khonde kuzungulira, ndi zenera limodzi lagalasi limene analibweretsa kuchokera ku Zomba atalikulunga m'bulangete. Denga linali la udzu, koma udzu wosankha, wopesedwa bwino, wothinana moti mvula ya Januwale sinkadziwa m'kati mwa nyumbayo. Anthu opita ku dooko ndi mitanga yawo ankati akafika pamenepo n'kuchepetsa mwendo. Fanuelo anali mkamwini. Malo anali a mkazi wake Dailesi, munda wa mpunga unali wa Dailesi, ngakhale mtengo wa mango wa pabwalo unali wa akuchikazi. Chake chenicheni pamudzipo chinali nyumbayo, ndipo inkamukwanira. Pamaliro ankamupatsa mpando chifukwa cha nyumbayo.

Kenako kunabwera Jameson.

Jameson anali mwamuna wa Rozi, mng'ono wake wa Dailesi. Makolo a Jameson anali mwa Alomwe aja anaoloka kuchokera kwa Apwitikizi atasenza mikeka ndi miphika, n'kudzagwira thangata m'minda ya azungu. Iyeyo anakwatira Rozi, n'kubereka naye ana awiri, n'kukwera sitima ya ku Halale, kumene anatha zaka zisanu ndi zinayi akunyamula mbale m'hotela. Zaka zonsezo, amene ankalimira Rozi ndime ya mpunga anali Fanuelo. Kanyumba ka Rozi kakayamba kudontha, wokwera padenga anali Fanuelo. Mwana wa Rozi atakomoka ndi malungo, amene anapalasa naye njinga mpaka kuchipatala cha mishoni anali Fanuelo yemweyo. Ndiye tsiku lina mtchona uja anangotsika lole ali ndi masutukesi awiri, galamafoni, ndi malata makumi atatu omangidwa ndi waya. Isanathe miyezi inayi, mapazi makumi awiri kuchokera pakhomo pa Fanuelo panaima nyumba ya njerwa yofolera malata. Dzuwa likamatuluka kuseri kwa chilumba cha Chisi, kuwala kwake kunkadumpha pa malatawo, kulowera pa zenera lagalasi lija, n'kudzamulasa Fanuelo m'maso asanadzuke.

Anthu a mitanga aja tsopano ankadutsa pakhomo pa Fanuelo ali chamchamcham, n'kukachepetsa mwendo patsogolo pang'ono.

Choipa kwambiri n'chakuti Jameson sanali munthu woipa. Akanakhala wonyada, Fanuelo akanamuda momasuka n'kumagona bwino. Koma munthuyo ankabwera yekha ndi paketi ya shuga, n'kumathokoza za ndime ya mpunga ija pamaso pa anthu, mpaka Fanuelo kumva ngati anali wantchito amene bwana wabwera kudzamuyamikira.

Lamulungu lina atachoka ku tchalitchi anakhala awiriwiri pakhonde pa Jameson akumwa tiyi. Jameson analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi, m'menemo n'kutulutsamo pepala lolimba, lolembedwa ndi taipi, chidindo chofiira pansi pake.

"Achimwene, izi munaziona? Inshuwalansi imeneyi. Ndimalipira masheleni khumi ndi asanu pachaka ku ofesi ya ku Zomba. Nyumba ino itapsa, kaya ndi moto kaya ndi mphezi, kampani indipatsa mapaundi zana limodzi ndi makumi asanu kuti ndimange ina."

"Nanga ikapanda kupsa?"

"Ndiye kuti ndagona tulo chaka chonse."

"Tulo togula," anatero Fanuelo. "Kuno tulo timagona taulere, achimwene. Kapena ku Halale amayeza pa sikelo?"

Anaseka onse awiri, koma tiyi wa Fanuelo anazizirira m'kapu. Ndalamazo sizimene zinamuluma. Chinamuluma n'chakuti kwinakwake, m'ofesi ya simenti, munali buku, ndipo m'bukumo nyumba ya Jameson inalembedwa ndi mtengo wake, ngati ng'ombe ya boma. Yake ija, imene anaithera zikhadabo pouma njerwa, inalibe pena paliponse pamene inalembedwa. Mtengo wake unali m'kamwa mwa anthu odutsa, ndipo anthuwo anali atasiya kale kuutchula.

Lachitatu lake anamanga mtanga wa matemba pa njinga n'kupalasa ulendo wa ku Zomba. Matemba a nthawi imeneyo anali matemba, onona, oti ukawagwira mafuta n'kutsalira m'zala, ndipo pofika masana anali atatha. Anasamba m'manja pa mpopi wa pamsika, anakonza kolala, n'kukafunsa ofesi ija kuseri kwa masitolo a amwenye.

Kalaliki wake anali munthu wotopa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anatenga fomu n'kuyamba kufunsa osadzutsa mutu.

"Makoma?"

"Njerwa zootcha. Ndinaotcha ndekha."

"Denga?"

"Udzu. Koma udzu wake mukanauona..."

Kalaliki anaika cholembera pansi. "Mapaundi awiri ndi masheleni khumi pachaka. Ikapsa sitipitirira mapaundi makumi asanu ndi limodzi. Khitchini likhale patali. Nsomba musawambire pafupi. Chilimwe chilichonse muzilambula kuzungulira nyumba, ndipo tidzatuma munthu kudzaona ngati mwalambuladi."

Kwa kanthawi kochepa mtima wa Fanuelo unakwera. Mapaundi awiri ndi theka! Kuposa katatu ndalama za Jameson!

"Ndiye kuti yangayi yaposa ya malata?"

"Yaposa kuyaka, bambo."

Pobwerera njinga inali yopepuka koma miyendo inali yolemera. Anawerengera m'mutu njira yonse, kutsika mapiri mpaka kukafika m'chigwa cha Likangala, ndipo chilichonse chimene ankawerengera chinkabwerera pamodzimodzi: iye alipire zambiri kuti adzalandire zochepa, Jameson alipire zochepa kuti adzalandire zambiri. Anthu amene sanaione n'komwe nyumba yake anali atagamula kale kuti ndi yachiwiri. Nkhaniyi anaidandaula pa dooko sabata yathunthu, kwa asodzi, kwa ogula nsomba, kwa aliyense amene anali ndi makutu.

Mmodzi mwa amakutuwo anali Patrick. Ameneyu anali atayamba kuoneka pa Kachulu miyezi yochepa m'mbuyomo, ndi tayi, nsapato zoyera zopaka choko, ndi chikwama chachikopa chomangirira kumbuyo kwa njinga. Ankati anaphunzitsako sukulu kwinakwake. Pakati pa ntchentche ndi mamba a nsomba ankayenda ngati munthu amene wabwera kudzagula nyanja yonse.

"Ndinu che Fanuelo, a nyumba ya zenera? Ndamva kuti a ku Zomba anakunyozani."

"Sanandinyoze. Anandiuza mtengo."

"N'chimodzimodzi, madala. Munthu wa tayi akafuna kukutukwanani amakuuzani mtengo. Ine ndikudziwa, ndimavala tayi."

Anakhala pa bwato lovundikira, Patrick n'kutsegula chikwama chija. Mapepala ake anali okongola kuposa a Jameson, a mizere yobiriwira m'mbali, pamwamba chithunzi cha nyumba yosanja.

"Yathuyi ndi kampani ya ku Limbe, yatsopano, yofuna anthu akuda atukuke. Achimwene anu aja amalipira zingati?"

"Masheleni khumi ndi asanu."

"Fifitini! Akuwameta osawanyowetsa. Ife fotini. Ndipo ikapsa, mapaundi handiredi sikisite."

Sheleni imodzi pansi pa Jameson polipira, mapaundi khumi pamwamba pa Jameson polandira.

"Komatu yanga ndi ya udzu."

"Lero. Nanga mufa nawo udzuwo? Maganizo a malata mulibe?"

"Ndikakolola bwino chaka chamawa. Kapena chinacho."

"Basitu! Imeneyo ndi nyumba ya malata imene ikudikira malata ake. Taonani apa, timabokosi tiwiri. Aka n'ka udzu, aka n'ka malata. Ndikachonga aka, mulipira mapaundi atatu ngati munthu wolangidwa. Ndikachonga aka, fotini. Anzanu onse timawachongera aka. Mzungu wa ku Limbe angabwere kuno? Kudzadyedwa ndi udzudzu?"

"Ndiye itapsa?"

Patrick anatsitsa mawu. "Kampani imabweza zimene zalembedwa papepala, madala. Palembedwa chiyani, mulandira chimenecho."

Fanuelo sanali chitsiru. Anali atagulitsa nsomba zaka makumi awiri, ndipo ankadziwa kuti munthu akakutsitsira mtengo usanamupemphe, pansi pa mtanga pamakhala zoola. Koma maso ake anali pa kabokosi kaja, ndi pa nsonga ya cholembera imene inkazungulira pamwamba pake. Anaiona nyumba yake ili ndi malata, yaitali kuposa inzake, dzuwa likudumpha pamenepo kukalasa wina m'maso.

"Chongani," anatero.

Analemba dzina lake pansi, chilembo chimodzichimodzi monga anamuphunzitsira kumishoni. Chinyanja ankawerenga bwino, mpaka kutsogolera mapemphero a kumudzi, koma pepala lonselo linali m'Chingerezi, ndipo ku msana kwake kunali timalemba tating'onoting'ono tothinana ngati nyerere pa fupa.

Kunyumba anapeza Dailesi akupeta mpunga pabwalo. Anamuyalira pepalalo pa mtondo.

"Amake Mary, taonani. Ifenso talowa m'buku."

Dailesi anapukuta manja pa chitenje koma sanaligwire. "Mwagula kwa uja wa nsapato zoyera?"

"Masheleni khumi ndi anayi okha. A ku Zomba amafuna mapaundi awiri ndi theka."

"Nyumba yomweyi?"

"Yomweyi."

"Ndiye mmodzi mwa awiriwo akunama, bambo a Mary. Nsomba imodzi siikhala ndi mitengo iwiri yotalikirana choncho pokhapokha wina sanainunkhize. Tawapatsani alamu aliwerenge."

"Alamu anu ndi loya?"

Jameson anamva yekha, chifukwa mapazi makumi awiri si mtunda. Anabwera madzulo ake, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndamva mwagula. Mwachita bwino. Koma tandibwerekani ndilione kumsana kokha. Ku Halale ndinaona anthu akulira ndi mapepala okongola. Amene amagulitsa poyendayendawa amadya pa pepala lililonse lomwe lasainidwa, ndiye amalonjeza ndi zomwe kampani sinanene."

"Mukufuna muone kuti ndalipira zingati? Ndikuuzani. Fotini. Sheleni imodzi pansi pa inu."

"Za sheleni ayi. Ndikufuna ndione kuti alemba nyumba yotani."

"Alemba nyumba yanga."

Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la mkati mwa jekete la ku tchalitchi, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe wina analiona.

Chimene chinasintha chinali maso ake. Denga limene kale ankaliyang'ana ngati mwana wake woyamba tsopano ankaliona ngati chinthu chongodikira tsiku. Kuyatsa yekha sakanatha. Anali Mkhristu, ndipo maganizo amenewo akabwera ankawathamangitsa. Koma mwezi wa Ogasiti unadutsa osalambula kuseri kwa nyumba. Seputembala anadutsanso. Dailesi analambula yekha mbali imene anakwanitsa, akung'ung'udza, ndipo tchire la kumunsi linatsala likugwedezeka, louma gwaa, kuchokera kuseri kwa khitchini mpaka kudambo.

Moto unabwera Loweruka lina la Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ena anati ndi osaka mbewa, ena anati ndi asodzi amene ankaotcha bango kuti atsegule njira ya mabwato. Mphepo inali yochokera kunyanja, ndipo utsi unafika m'mudzi usanafike mkuwo.

Mudzi wa m'mbali mwa dambo unkadziwa chochita, sunkadikira kuuzidwa. Moto wotere sathira madzi, madziwo angachokere kuti. Amuna ankakwera pa madenga a nyumba zoyang'ana kumene moto ukuchokera, kudula luzi, n'kusasula udzu wonse kuugwetsera pansi. Akazi ankaukokera pakati pa bwalo pamene palibe chomera, n'kuukwirira ndi dothi. Moto ukafika unkapeza mitengo yokhayokha, n'kulambalala. Ukadutsa, mudzi wonse unkafoleranso nyumba imodziimodzi, mwini wake n'kuphika thobwa, ndipo pakutha pa sabata aliyense anali m'nyumba mwake. Ntchito yake inali ya mphindi zowerengeka ngati anthu agwirizana. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti denga la munthu salisasula mwini wake akukana, chifukwa kusasulira mkamwini nyumba popanda mawu ake kunali kumuuza kuti ukwati watha, azipita kwawo.

Nyumba ya Fanuelo ndiyo inali yoyamba kumbali ya dambo. Pamene iye ankafika kuchokera kumunda, Dailesi ndi Rozi anali atatulutsa kale bedi, mabokosi ndi jekete lija, ndipo amuna anayi anali ataimika makwerero. Pamwamba penipeni, buluku la ku Halale atalipinda mpaka m'maondo, mpeni uli kukamwa, panali Jameson. Yake inalibe choopa, ndiye anathamangira ya mnzake.

"Tsikani!" anakuwa Fanuelo.

Jameson anachotsa mpeni kukamwa. "Mwati chiyani?"

"Ndati tsikani! Ndani wakutumani padenga panga?"

"Achimwene, moto uli pa mango apo! Tisasule msanga!"

"Palibe wosasula pano. Nyumba ino ili ndi pepala."

Amuna aja anayang'anana. Wina anali atadula kale luzi loyamba, ndipo anaima nalo m'manja ngati wagwidwa akuba.

Dailesi anaponya mphika pansi. "Sasulani! Ndikunena ndine, malo ano ndi anga!"

"Malo ndi anu, amake Mary," anatero Fanuelo, atagwira makwerero ndi manja awiri. "Denga ndi langa."

"Mwapenga kodi? Alamu, musawamvere, sasulani!"

Jameson anayang'ana Dailesi, anayang'ana Fanuelo, anayang'ana utsi. Akanakhala mlongo wake wa Dailesi, mwina akanasasula n'kudzakamba mlandu pambuyo. Koma iyenso anali mkamwini, wobwera ngati mnzakeyo, ndipo kusasula denga la mkamwini mnzake mwini wake ali pomwepo akukana sichinali chinthu choti angachiyambe iye.

"Achimwene, ndikukupemphani. Pepala lija simunandionetse. Tisasule, ndipo ngati lili bwino simutaya kanthu."

"Zaka zisanu ndi zinayi ndinkakwera padenga la mkazi wanu inu muli kunyamula mbale. Lero mwaphunzira kukwera? Tsikani."

Anatsika. Kunali nyumba zina zisanu zoti asasule, ndipo amuna aja ananyamula makwerero n'kuthamangira kumeneko.

Sipanapite nthawi. Moto unakwera ndi tchire losalambula lija, unameza khitchini, ndipo kachidutswa ka bango loyaka kanauluka n'kutera pamwamba pa denga mofatsa ngati mbalame. Udzu wosankha uja, wothinana uja, unayaka monga anauneneratu kalaliki wa ku Zomba. Zenera linaphulika. Phaso linagwera m'kati, ndipo khoma la kum'mawa linang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Dailesi anakhala pa bokosi pakati pa bwalo, osalira, akuyang'ana mwamuna wake m'malo moyang'ana moto. Fanuelo anaweramitsa mutu kuti anthu aziyesa chisoni. Mumtima mwake ankawerengera malata: makumi atatu ndi asanu, asanu pamwamba pa a Jameson, ndi mazenera awiri.

M'mudzi monse inapsa nyumba imodzi yokhayo. Zinazo zinaima zometedwa mpala masiku anayi, kenako zinavalanso udzu wawo womwewo. Dailesi ndi ana anakalowa kwa Rozi. Fanuelo anakana, anamanga kamsasa ka mapesi pafupi ndi bwinja lake, akuti akulondera phulusa, chifukwa mphunzitsi amene anamulembera kalata yopita ku Limbe anamuuza kuti asakhudze kanthu mpaka a kampani adzaone. Patrick pa dooko sankaonekanso. Ena ankati ali ku Phalombe, ena ankati anaoloka kupita kwa Apwitikizi.

Patatha masabata atatu, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, kunabwera njinga yamoto. Anatsikapo munthu wa kabudula wa khaki, buku m'khwapa, tepi yoyezera m'thumba. Anati dzina lake ndi Bizweki, woyendera milandu ya moto ku kampani ya ku Limbe. Anafunsa kwa a Fanuelo, anthu anamulozera ndi dzanja, ndipo iye anayang'ana m'buku, anayang'ana kutsogolo, n'kulunjika pakhonde pa Jameson.

"Odi! Koma nyumbayi ili bwinobwino. Yapsa pati?"

Fanuelo anachita kumuthamangira, jekete la ku tchalitchi lili pathupi. "Si imeneyo, bwana. Yanga ndi iyi."

Bizweki anatembenuka. Anayenda mapazi makumi awiri aja, analowa pamene panali chitseko, n'kuyamba kufukula phulusa ndi nsonga ya nsapato. Anafukula chipinda choyamba, chachiwiri, chachitatu. Anthu anali atasonkhana, Dailesi ndi Jameson ali kutsogolo.

"Malata ali kuti, bambo?"

Fanuelo anakonza kolala ya jekete lake.

"Malata sapsa. Amapindika, amada, koma amatsala. Mwawachotsa?"

"Inali ya udzu," anatero Dailesi.

Bizweki anapuma mozama ngati munthu amene wamva nyimbo yomweyo kachinayi. Anapempha pepala la Fanuelo, analiyerekeza ndi la m'buku mwake, n'kuloza kabokosi kaja ndi chala.

"Apa palembedwa njerwa ndi malata. Kumsana kuno akuti ngati zimene zalembedwa kutsogolo si zoona, kampani ilibe mangawa. Nyumba imene kampani ikuidziwa sinapse, bambo, chifukwa sinamangidwe. Imene yapsayi sitikuidziwa."

"Patrick anati kampani imabweza zimene zalembedwa."

"Patrick tikumufuna nafenso. Ndinu wachinayi, kungoti enawo nyumba zawo zikadali chiimire." Anatsegula tsamba latsopano n'kunyambita pensulo. "Tamverani, madala. Ine ndine wolemba chabe, wogamula ali ku Limbe. Koma pali kusiyana. Ngati munthu wathu anachonga yekha inu osadziwa, ndilemba choncho, mwina bwana angaganizeko kena kake. Sindikulonjeza. Ngati munadziwa, ndiye basi. Anakuuzani kuti akuchonga malata?"

Jameson anasendera pafupi. "Lembani kuti sanadziwe, bwana. Achimwene angawa Chingerezi sawerenga. Ananamizidwa, aliyense pano angachitire umboni. Ine ndinawapempha kuti ndiwawerengere..."

Jameson akanangokhala chete. Fanuelo anali atatsegula kale pakamwa kuti anene bodza laling'ono limene likanamupulumutsa, ndipo Mulungu akanalimvetsa. Koma kuti alinene pambuyo pa mawu amenewo, pamaso pa mudzi wonse, kuti m'buku la kampani mulembedwe kuti Fanuelo ndi mbuli yomwe inakana kuwerengeredwa ndi Jameson, ndipo kakhobidi kalikonse kochokera ku Limbe kadzakhale kopempheredwa ndi Jameson, zimenezo sakanazilola.

"Ndani sawerenga?" anatero. "Ndinadziwa. Ndinamuuza ndine kuti achonge. Ine sindipusitsidwa ndi mwana wa nsapato zoyera."

Pensulo inaima m'mwamba. Bizweki anamuyang'ana nthawi yaitali, kumupatsa mpata woti abweze mawu. Fanuelo anayang'ana kumbali. Pensulo inatsika, inalemba mizere iwiri, buku linatsekedwa.

"Masheleni anu khumi ndi anayi mwina adzakubwezerani. Pepani, mayi."

Anthu anayamba kumwazikana mwakachetechete, mmene amachokera pamanda. Jameson naye anapita kwake. Bizweki ankamanga buku lake kumbuyo kwa njinga yamoto pamene Fanuelo anamufikira n'kumugwira pamkono.

"Bwana, funso limodzi." Analoza ndi chibwano. "Nanga iyo, itapsa?"

"Ya malatayo? Si ya kampani yathu."

"Koma itapsa. M'kati muli mitengo, muli siling'i ya bango. Itapsa, angamulipire?"

"Ngati analemba zoona, amulipira mpaka msomali womaliza. Amanga ina yoposa iyo." Anaponda njinga yake, inalira, n'kupita ndi fumbi lake.

Fanuelo anatsala ataima panjira. Kumapiri kunagunda kamodzi, chapatali. Udzu wofolera chaka chimenecho kunalibenso, dambo lonse linali lupsa mpaka kunyanja, ndipo makoma ong'ambika sakanapirira mvula ziwiri. Iye maso ake sanali pa makomawo. Anali pa nyumba inayo, pa mpata wa pakati pa khoma ndi malata pamene pankaonekera nsonga za bango louma. Ngakhale yankho analimva, maso anakana kuchokapo.

Sanamve Dailesi akufika. Anangoona dzanja litatambasuka patsogolo pake, chikhatho chili m'mwamba.

"Bambo a Mary, ndipatseni machesi."

"Machesi a chiyani?"

"Amene ali m'jeketemo. Ndamva zimene mwafunsa."

"Ndimangofunsa. Munthu asafunse?"

"Funsani. Koma ana anga akugona m'menemo, ndipo denga lina ndilibe." Anasendeza dzanjalo pafupi. "Ndipatseni."

Fanuelo anapisa m'thumba, anatulutsa kabokosiko, n'kukaika m'dzanjamo. Dailesi anakamanga pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kubwerera kwa mng'ono wake osacheuka.